Mapepala Amene Ndinakulungira Zitumbuwa

Ine sukulu ndinalekera giledi seveni, ndipo zambiri zimene tinaphunzira zinauluka. Koma chimodzi chinandilowa m'mafupa: buku lodetsedwa ndi manyazi. Aphunzitsi athu a giledi folo, bambo wina wamfupi wochokera ku Vubwi, ankayenda pakati pa mabenchi rula ili m'manja. Akapeza pamene wakhwatcha mawu, kapena pamene wafufuta ndi malovu mpaka pepala kubooka, ankakweza buku lako m'mwamba kuti kalasi yonse ione, n'kufunsa, "Nkhuku yapalasa apayi ndi ya kwa yani?" Kenako rula pazala. Tonse tinaphunzira kung'amba tsamba lolakwika n'kukaliponya m'chimbudzi munthu asanalione. Ndinakula nayo nzeru imeneyi, ndinakwatiwa nayo, ndinabereka nayo ana, osadziwa kuti tsiku lina idzadya chaka chathunthu cha mwana wanga.

Mwa ana anga anayi, wachiwiri, wamkazi, ndiye anapita patali ndi sukulu. Atate ake anatisiya ali giledi naini, koma Mulungu sanatisiye. Mwanayo anapeza malo kukoleji ya uphunzitsi kutauni. Dzina la kolejiyo sinditchula, chifukwa anthu akumeneko sanandilakwire. M'chaka chake chomaliza anawapatsa ntchito yaikulu yolemba, pepala lalitali limene munthu akapanda kukhoza satenga setifiketi. Iye anasankha kulemba za ana a m'midzi yathu kuno ku Sinda, amene amajomba kusukulu nthawi yokumba nshawa, zimene ena amati mtedza, ndi yotola thonje.

Anabwera nayo ntchitoyo patchuthi. Kwathu magetsi kulibe, netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo laputopu analibe. Basi analemba ndi manja. M'mawa ankazungulira m'minda kufunsa makolo, ena n'kumamuseka kuti wayamba kalembera. Masana ankakhala pakhonde, thireyi yanga yachitsulo ili pamiyendo ngati tebulo, n'kumalemba mpaka dzuwa kupendeka. Ankalemba paliponse: m'mabuku akale a mlongo wake, kuseri kwa mapepala a mayeso, ngakhale pachikuto cha kalendala.

Tsiku lina ndinasuzumira. Kalanga ine! Mizere yokhwatcha, mivi yochoka pansi kupita pamwamba, mawu ena opanikizana m'mphepete ngati nyerere, bolopeni yabuluu pano, yofiira apo. Mtima unandiwawa. Ndinaganiza kuti mwanayu sukulu yamukulira.

"Mwanawe, kukoleji kwanuko samenya?" ndinamufunsa. "Ife buku lotere tikanagona zala zitatupa."

Anaseka osadzutsa mutu. "Amama, pamene ndakhwatcha m'pamene ndaganiza."

"Ndiye kuti waganiza kwambiri," ndinatero, n'kupita kukatunga madzi. Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Nanenso anandifunsa mafunso ake. Tinali kusenda nshawa pamphasa, iye n'kuti ndimuuze chimene ndinasiyira sukulu. Ndinamuuza kuti amayi anga anadwala chaka chimene thonje linabereka kwambiri, ndipo panalibe wina wotola. Sikuti amayiwo sukulu ankaida, ayi. Manja ndiwo anali ochepa pakhomo. Mwanayo anatenga pepala lina n'kukhwatcha mzere wautali. Ine ndinangoti walakwitsanso.

Sabata yomaliza anakopera zonse m'buku latsopano, zilembo zoyera, zoongoka, zoti aphunzitsi anga aja akanaziimbira m'manja. Kenako anapita ku Katete masiku atatu, pasitolo ina ya makompyuta pafupi ndi msika, kukataipa yekha. Anabwera akundionetsa kachitsulo kakang'ono ngati chala, akuti ndi fulashi, ntchito yonse ili m'menemo. Anabwerera kukoleji ndi kachitsuloko. M'katoni ya pansi pa bedi anasiyamo zinthu ziwiri: buku loyera lija, ndi mtolo wa mapepala odetsedwa atawamanga ndi kansalu.

Ntchito yanga ndi yokazinga zitumbuwa. Ndimakhala ndi mbaula ndi chiwaya m'mbali mwa msewu waukulu, pamene maminibasi a ku Chipata ndi ku Lusaka amaima. Amene sanagulitsepo sadziwa kuti chovuta si ufa kapena mafuta okha, komanso chokulungira. Pulasitiki imachititsa zitumbuwa thukuta, zimafika kwa wogula zili lende. Nyuzi masiku ano sizipezeka, anthu amawerenga pafoni. Pepala la m'buku la sukulu ndilo labwino koposa: limamwa mafuta, silimata, ndipo silipsa m'manja.

Patapita masiku angapo mwana atachoka, inali nthawi yanga yolandira amayi a mumpingo kudzapemphera kwathu. Ndinatulutsa katundu kuti ndizire m'nyumba, m'pamene ndinapeza katoni ija. Ndinakhala pansi n'kusankha, ndipo ndikunena zoona, ndinasankha ndi chikondi. Buku loyera ndinalikulunga m'pulasitiki n'kuliika m'sutikesi, pamodzi ndi zovala za kutchalitchi ndi makhadi a ubatizo. Mtolo wodetsedwa ndinati uwu ndi mankhusu, mbewu yalowa kale m'nkhokwe. Ndinaganizanso kuti amayi aja akauona adzati mwana wa kukoleji amalemba ngati wa giledi wani. Apaulendo okha sadziwa kuti zilembozo ndi za yani. Ndinang'amba tsamba lililonse pakati, ena kanayi, n'kupita nawo kumsewu.

Pambali panga pamakhala alamu anga, mlongo wa malemu amuna anga, amene amagulitsa nthochi. Pakamwa pawo sipakhala chitseko. Ataona mapepalawo anayamba kuitanira makasitomala anga.

"Gulani kuno! Zitumbuwa zophunzira! Mukadya ziwiri mulankhula Chizungu musanafike ku Katete!"

Kondakitala wina anayankha, "Amami, nipaseniko vitumbuwa vili na digiri, ine nilibe!" Tinaseka mpaka misozi. Mapepalawo anandisunga masabata atatu, ndipo tsiku lililonse ndinkathokoza kuti mwana wandisiyira thandizo.

Foni inalira Lachiwiri masana, mafuta ali pamoto. Nditangomva mpweya wake ndinadziwa kuti kwagwa kanthu. Analankhula modukiza, ine n'kumati bwereza, mwanawe, sindikumva. Pang'onopang'ono ndinagwira mutu wa nkhani.

Akuti masiku ano ana ambiri asukulu salemba okha. Amauza makina a pafoni kuti awalembere, iwo n'kungopereka. Ndiye koleji inakonza malo ake olemberamo pakompyuta, amene saona zimene walemba zokha, komanso mmene walembera: wakhala nthawi yaitali bwanji, waima pati, wafufuta kangati, wabwerera m'mbuyo kangati. Anawauza kuti azilembera m'menemo. Iye, poti kumudzi kulibe magetsi, anaganiza kuti chofunika ndi ntchito yomalizidwa. Atafika kukoleji analumikiza fulashi ija n'kukhuthulira zonse m'malo aja kamodzin'kamodzi. Makinawo anaona ntchito ya mwezi wathunthu ikulowa m'kanthawi kosakwana kupsa kwa chitumbuwa chimodzi, ndipo anaika chizindikiro chofiira padzina lake.

"Akuti ndaba, Amama. Akuti sindinalembe ndine. Pakatha masabata awiri ndikaonekere pamaso pa komiti. Akandipeza wolakwa alemba m'fayelo yanga kuti ndinabera, ndipo palibe sukulu imene idzandilembe ntchito."

"Yesu wanga! Nanga sunawauze kuti unalemba pakhonde pano ine ndikuona?"

"Ndawauza. Akuti ndibweretse mapepala amene ndinayambira, okhwatchakhwatcha aja. Akawaona nkhani yatha. Ali m'katoni pansi pa bedi, ndinawamanga ndi kansalu. Alipo eti, Amama?"

Ndinayang'ana m'beseni. Munali kansalu kokha. Mawu ake anali ngati a tsiku lija anadwala malungo ali wamng'ono, akundiitana ine ndili pomwepo. Ndinkangofuna kuti kulirako kuleke.

"Alipo, mwananga," ndinatero. "Usalire. Alipo."

Anapuma mpweya waukulu. "Zikomo Ambuye. Ndimadziwa kuti inu simutaya zinthu."

Foni itaduka ndinapeza alamu akundiyang'ana, nthochi ili m'manja yosenda theka.

"Alamu, mwanama dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Muimbireninso pompano."

"Ndiwapeza."

"Muwapeza kuti? Ena afika ku Lusaka, ena ali m'mimba mwa mbuzi. Muimbireni, alire lero, mawa aganize chochita."

"Inu simunamve mmene amalirira."

"Ndamva. Nanenso ndi mwana wa achimwene anga. Koma bodza ndi mwana wa njoka, alamu, simulera m'thumba."

Zitumbuwa za m'chiwaya zinapserera, zoyamba kupserera chaka chimenecho. Sindinamuimbire.

M'malo mwake ndinayamba kusaka. Ndinayamba ndi makasitomala a pafupi. Bambo wokonza njinga anandipatsa zidutswa ziwiri zimene anapukutira girizi. Telala wa pakhonde la golosale anali atalembapo miyeso ya diresi la mkwatibwi kuseri kwa chimodzi, ndipo ndinachita kudikira kuti akopere kaye. Alamu anapeza zitatu pansi pa dengu lawo la nthochi, anandipatsa osanena kanthu, zimene kwa iwo n'zachilendo. Kenako ndinatsata msewu. M'mawa uliwonse, m'malo moyatsa mbaula, ndinkayenda m'ngalande ndi kamtengo, kuloza ku Katete tsiku lina, kuloza ku Nyimba tsiku linalo, kutembenuza pepala lililonse loyera. Ndinapeza matikiti a basi, mapepala a mankhwala, zikuto za mabisiketi. Mbuzi zimakonda pepala lamafuta, izi ndinaziona ndi maso: ina inanditsogolera pachidutswa chokhala ndi bolopeni yofiira, n'kuchitafuna ikundiyang'ana. Amayi ena opita kuchigayo anaima n'kufunsana ngati mutu wanga uli bwino.

Ndinapemphera kwambiri masiku amenewo, kuposa nthawi ya maliro a amuna anga. Koma lero ndikakumbukira ndimachita manyazi ndi mapempherowo. Ndinkapempha Mulungu kuti andibwezere mapepala, kuti mphepo iwaunjike pakhomo panga, kuti akomiti aiwale. Sindinapemphepo ngakhale kamodzi kuti andipatse mphamvu yonena zoona. Chimenecho chokha n'chimene chinali m'manja mwanga, ndipo n'chimene sindinafune.

Mwana ankaimba madzulo aliwonse ndikuweruka kumsewu.

"Amama, mupatseni kondakitala mawa, ndikawalandira pasiteshoni."

"Makondakitala sindiwakhulupirira, mwanawe. Angataye."

"Ndiye ajambuleni pafoni ya aneba, munditumizire."

"Netiweki ikuvuta. Ndibwera nawo ndekha, ndiwapereke m'manja mwako."

Bodza limodzi linabereka ana tsiku ndi tsiku, ndipo onse ndinkawadyetsa ndine.

Pofika tsiku la ulendo ndinali ndi zidutswa khumi ndi chimodzi. Zinali zokwinyika, ndiye ndinati ndiziwongole ndi simbi ya makala kuti zikaoneke zaulemu. Kumeneko kunali kulakwitsanso kwina. Kutentha kunayendetsa mafuta pepala lonse, zina zinasanduka ngati galasi, zilembo za kutsogolo ndi za kuseri n'kusakanikirana. Ndinaziika m'kapulasitiki, ndinatenga buku loyera lija m'sutikesi, ndinavala chitenje cha kutchalitchi, n'kukwera minibasi.

Anandidikira pageti la koleji. Anali ataonda, khosi litatalika. Anandikumbatira, kenako maso ake anapita pachikwama changa, n'kuona kuti n'chopyapyala.

"Mtolo uli kuti, Amama?"

Ndinatulutsa kapulasitiki. Fungo la zitumbuwa linatuluka lisanatuluke liwu langa. Ndinamuuza zonse pomwepo, mlonda wa pageti akunamizira kuwerenga buku la alendo. Ndinayembekeza kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira. Sanakalipe. Anatenga chidutswa chimodzi, anachiyang'ana padzuwa, n'kuchibwezera.

"Zokulungira zitumbuwazo sindikukuimbani mlandu. Sindinakuuzeni kuti muwasunge. Koma bwanji simunandiuze tsiku lomwe lija?"

"Unkalira, mwananga."

"Amama, sabata yoyamba aphunzitsi anga anandiitana. Anati ngati mapepala palibe, ndikhale m'ofesi mwawo masiku awiri, ndilembenso chigawo chimodzi iwo akuona, nkhani ithere pomwepo osafika kukomiti. Ndinakana. Ndinati ndilemberenji kawiri ngati wakuba, pamene umboni wanga uli kwa amayi anga? Ndinalemba kalata, ndinasaina, kuti ndibweretsa mapepala onse. Mwayi umenewo unatha Lachisanu lapitali."

Ndinakhala pamwala wa maluwa a pagetipo. Masiku onse aja ndinkakangana ndi mbuzi m'ngalande, khomo linali lotsegula, ndipo ndine ndinalitseka ndi mawu amodzi.

Tinalowa m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali. Munali aphunzitsi atatu: bambo wamkulu wa imvi amene ankatsogolera, bambo wina wachinyamata wosamala za makompyuta, ndi mayi wa magalasi, amene anali mphunzitsi wake wa mwanayo, yemwe uja anamupatsa mwayi. Anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anali anthu aulemu, ndimawathokozabe.

Wachinyamatayo anatembenuza kompyuta kuti nanenso ndione. Anayamba ndi chithunzi cha wophunzira wina, dzina atalibisa. Unali mzere wokwera pang'onopang'ono ngati njira ya kuphiri: apa wakwera, apa wayenda pafulati, apa watsika pang'ono. Anandilozera kuti apa ankalemba, apa anapuma masiku awiri, apa anafufuta ndime yonse n'kuyambiranso. Ndinamva msanga, chifukwa ndi mmene munda wolimidwa ndi munthu umaonekera: ukhoza kudziwa pamene anayambira ndi mphamvu, pamene dzuwa linamutentha, pamene anabwereza mzere wokhota. Kenako anaonetsa cha mwana wanga. Mzere unagona pansi mwezi wathunthu ngati munthu wakufa, kenako n'kuimirira njo ngati khoma.

"Mayi," anatero wamkulu uja, "makinawa sanena kuti mwana wanu waba. Akungonena kuti sanamuone akugwira ntchito. Ndiye tinapempha kuti tione ndi maso athu."

Ndinatulutsa buku loyera ndi manja awiri, ndikuganiza kuti mwina lokhalo lingatipulumutse. Wamkulu uja analitsegula, anatembenuza masamba atatu, n'kulitseka.

"N'lokongola. Koma buku loyera aliyense akhoza kukopera madzulo amodzi kuchokera pafoni. Silitiuza kanthu. Tikufuna pamene analakwitsa."

Zaka zonse zija ndinkadziwa kuti cholakwika n'chobisa. Lero anthu ophunzira, ovala mataye, ankapempha nkhuku yopalasa, ndipo ine ndinali nditaigulitsa ndi zitumbuwa.

Ndinapempha kulankhula. Ndinaimirira ngati kutchalitchi n'kunena zonse: za thireyi, za katoni, za kuzira, za ngalande, ndi za bodza langa. Ndinati kalata imene mwanayu anasaina ndi yanga, iye anangokhulupirira amayi ake. Kenako ndinayala zidutswa khumi ndi chimodzi patebulo lawo lopukutidwa bwino. Wachinyamata uja ananunkhiza chimodzi n'kunena, "Koma mafuta mumagwiritsa abwino, amama." Wamkulu anamuyang'ana ndi diso lomuletsa, koma ine mnyamatayo ndinamuthokoza mumtima, chifukwa m'chipindamo munali mutauma.

Mayi wa magalasi sanaseke. Ankatenga chidutswa chimodzichimodzi, kuchiika papepala loyera kuti zilembo zioneke. Pa chachisanu anaima. Chinali chija cha telala, miyeso ya diresi ili kuseri. Anawerenga mokweza mzere wokhwatchidwa, n'kundimasulira m'Chichewa: makolo a m'midzi sasamala za sukulu. Pamwamba pake, ndi bolopeni yofiira, panalembedwa kuti pakhomo manja ndi ochepa. Anatsegula ntchito yotaipa ija, anafufuza, n'kupeza mawu ofiirawo ali pamalo pake.

"Unakhwatchiranji apa?" anafunsa mwanayo.

Mwana wanga anayamba motsitsa, kenako mawu anamubwerera. Anafotokoza kuti anafika kumudzi atagamula kale mlandu, kuti makolo ndi osasamala, chifukwa ndi zimene anawerenga. Anatchula mabanja amene anayendera, wina wa ana asanu ndi munda wa thonje wopanda wotola, wina amene amatumiza ana kusukulu mosinthana, lero uyu mawa uyo. Anati chimene chinamutembenuza ndi tsiku lina akusenda nshawa ndi amayi ake. Analankhula nthawi yaitali osayang'ana pepala. Ine theka la Chizungucho sindinamve, koma ndinaona mayi uja atavula magalasi n'kumangogwedeza mutu.

Anatitulutsa panja kuti akambirane. Tinakhala pabenchi, pakati pathu pali malo oti n'kukhalapo munthu wina.

Atatiitananso, wamkulu uja ananena chigamulo. Onse atatu anakhulupirira kuti mwanayo analemba yekha, ndipo mawu oti kubera sadzalembedwa paliponse m'fayelo yake. Apo ndinati aleluya mokweza, osadziletsa. Koma anapitiriza. Lamulo linali loti ntchito ilembedwere m'malo a koleji aja, ndipo iye sanatsate. Mwayi wokonza anapatsidwa, anaukana. Umboni umene analonjeza m'kalata sunabwere, ndipo zidutswa khumi ndi chimodzi sizingaimire ntchito yonse, chifukwa mawa wina adzabwera ndi zitatu n'kupempha chimodzimodzi. Ntchitoyo sailandira. Adzalembe ina, pamutu wina, chaka chamawa.

Mayi wa magalasi anatiperekeza mpaka pakhomo. Anandigwira dzanja n'kunena, "Mayi, mukanangondiimbira ine sabata ija." Sananene mokalipa. Ndikanakonda akanakalipa.

Makinawo sindiwatukwana. Nanenso ndikapatsa munthu ganyu sindimvera zimene akunena, ndimapita kumunda kukaona mizere. Kungoti iwo amaona m'munda mwawo mokha. Thukuta limene linagwera pakhonde langa, pathireyi yanga, analibe maso oti alione. Amene analiona ndine, ndipo ndi ine amene ndinapatsidwa kusunga umboni wake.

Chaka chimenecho anzake anavala mikanjo, iye ali m'chipinda chobwereka kutauni, akugulitsa m'sitolo ya munthu masana kuti adzisunge. Patchuthi sanabwere kumudzi, ngakhale pa Khirisimasi. Anati ayenera kulembera pamene makina akumuona. Ndinamva kwa mlongo wake kuti ankalowa m'malo aja tsiku lililonse, ngakhale alibe chatsopano, kulemba ndime n'kuifufuta, kuti mzere wake usagonenso pansi. Ntchito yachiwiriyo inali ya kaphunzitsidwe ka masamu, yochokera m'mabuku a mulaibulale. Anakhoza bwino. Koma ija ya ana a kwathu ndi nshawa zawo, imene inali ndi mawu anga m'kati, palibe anaiwerenganso.

Lero ndi mphunzitsi, pasukulu ina kufupi ndi Vubwi, ndipo ndimagwada kuthokoza Mulungu amene anasunga dzina lake loyera pamene ine ndinalephera. Anandikhululukira, ananena ndi pakamwa pake, tinapempherera limodzi. Amabwera, amandigulira chitenje, amaseka ngati kale ndi alamu, amene iye amawatcha atete. Munthu wakunja sangaone chilichonse.

Koma mwezi wathawu ndinadwala chifuwa masiku angapo, kenako ndinachira n'kubwerera kumsewu. Anaimba masana.

"Muli bwanji, Amama? Chifuwa chija?"

"Ndachira, mwananga. Ndili pantchito."

"Mankhwala munamaliza?"

"Ndinamaliza onse."

"Chabwino. Ambuye akusungeni."

Ndinabweza foni m'chitenje. Sipanapite nthawi, foni ya alamu inalira pambali panga. Anayang'ana dzina, anandiyang'ana ine, n'kutembenukira kumbali pang'ono. Koma foni yawo ndi yaphokoso, ndinamva liwu la mwana wanga bwinobwino.

"Atete, Amama achiradi?"

"Achira, iwe. Ali pompano, akukazinga."

"Mankhwala anamalizadi? Munaona ndi maso anu?"

"Ndinaona."

Alamu anadula foni, n'kuyamba kukonza nthochi zimene zinali zokonzeka kale. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anasowa nthabwala. Ine ndinatembenuza zitumbuwa m'chiwaya, chimodzichimodzi, ngakhale zinali zisanapse mbali yoyamba.